WODWALA WOGONA PA MPHASA NAYENSO AMATHA CHAKUDYA

M'midzi ya m'munsi mwa phiri la Zomba, kuyambira ku Naisi mpaka ku Songani ndi ku Domasi, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi yowerengera ufa. Chimanga cha chaka chatha chimakhala chitatha m'nyumba zambiri, chamakono chisanakhwime, ndipo ntchito yopalira ndi kubandira imakhala ili pakati. Mayi wa pakhomo akamaomola nsima amayamba waganizira amene ali ndi khasu m'manja, ndipo palibe amene angamudzudzule, pakuti munda ukalephereka banja lonse limagona ndi njala chaka chamawa. Komatu miyezi yomweyi ndiyo imene malungo amachuluka. Pakhomo pamene pali olima pamapezekanso wina wogona pa mphasa m'nyumba, thupi lili moto kapena akutsokomola usiku wonse, ndipo mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti: "Abambo awa sakupita kumunda, kaphala kawakwanira."

Mawu amenewa sachokera m'nkhanza ayi. Amachokera m'ganizo lakuti chakudya chimatha ndi ntchito ya manja yokha, kotero kuti munthu wongogona safuna zambiri. Akatswiri a zaumoyo akhala akuyeza nkhaniyi kwa zaka zoposa 200, ndipo zimene apeza zikusiyana kwambiri ndi ganizo limeneli.

Ntchito imene siioneka ndi maso

Munthu akagona chete, manja ndi miyendo zokha ndizo zimapuma. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, mapapo amakoka ndi kutulutsa mpweya, impso zimasefa magazi, chiwindi chimasanduliza chakudya ndi mankhwala, ndipo thupi lonse limayenera kukhalabe lofunda pa madigiri 37, ngakhale m'mawa wa chiperoni mu Juni. Ubongo, umene kulemera kwake ndi gawo limodzi chabe pa magawo 50 a thupi, umatha pafupifupi gawo limodzi pa magawo 5 a mphamvu zimene munthu wamkulu amagwiritsa ntchito ali chigonere. Chiwindi nacho chimatha zofanana ndi zomwezo.

Zili ngati chikuni chimene mayi amachikwirira m'phulusa madzulo. Lawi silioneka, koma pofika m'mawa chikunicho chimakhala chitafupika. Mwa munthu amene sagwira ntchito yolemetsa, mphamvu za m'kachetechetezi zimafika magawo 60 mpaka 70 pa magawo 100 alionse a mphamvu zonse za tsikulo. Ngakhale mwa mlimi wolima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo, pafupifupi theka la chakudya chake limathera pa ntchito yosaonekayi.

Mmene amayezera

Aliyense amene anakolezapo mbaula amadziwa kuti moto sukhala popanda mpweya. Ukaupemerera umayaka, ukauvundikira umazima. Thupi nalo limatulutsa mphamvu m'chakudya mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni umene umalowa kudzera m'mapapo, ndipo utsi wake ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi umene munthu amautulutsa popuma.

Woyamba kutsimikiza zimenezi anali Antoine Lavoisier wa ku France. M'nyengo yozizira ya 1782 ndi 1783, iye pamodzi ndi mnzake Pierre-Simon Laplace anaika mbira, yonga imene ana amaweta m'midzi muno, m'chitini chozunguliridwa ndi madzi oundana. Poyeza madzi amene anasungunuka anadziwa kutentha kumene kanyamako kanatulutsa, ndipo poyerekeza ndi makala oyaka anaona kuti kupuma ndi kuyaka kwapang'onopang'ono. Cha m'ma 1790 Lavoisier anayeza munthu, mnzake wina wotchedwa Armand Seguin, napeza kuti okosijeni amatha wambiri munthu akazizidwa, akadya ndiponso akamagwira ntchito. Sanakhalitse ndi moyo kuti apitirize, pakuti anaphedwa mu 1794 pa nthawi ya chipwirikiti cha ndale m'dziko lakwawo.

Kutsekera munthu m'chipinda kuti ayeze kutentha kwake n'kovuta ndiponso kodula. Njira yapafupi ndiyo kuyeza mpweya wake, ndipo madokotala amaitcha indirect calorimetry, kutanthauza kuyeza kutentha modzera njira yolambalala. Maziko ake ndi osavuta kumva. Mpweya wa panja uli ndi magawo 21 a okosijeni pa magawo 100 alionse, pamene wotuluka m'mapapo umatsala ndi magawo pafupifupi 16 kapena 17. Kaboni dayokisaidi, amene panja ndi wochepetsetsa, amakwera kufika pafupifupi magawo 4. Kusiyana kumeneku ndiko kumaulula kukula kwa moto wa m'kati. Lita imodzi ya okosijeni imene thupi latha imapereka makalori pafupifupi 4.8, ndipo kalori ndiwo muyeso wa mphamvu za m'chakudya, monga mmene kilogalamu ilili muyeso wa kulemera.

Mu 1911, C. G. Douglas wa ku Oxford anakonza thumba lalikulu losatulutsa mpweya limene munthu amapumiramo kudzera m'paipi, mphuno zitatsekedwa ndi kachopanira. Thumbalo likadzaza, amayeza kuchuluka kwa mpweyawo ndi zimene zilimo. Linkatha kumangidwa kumsana, motero anthu anayezedwa ali m'migodi, m'minda ndi m'njira. Mu 1949, J. B. Weir wa ku Glasgow anapereka kawerengedwe kachidule kamene makina ambiri akugwiritsabe ntchito. Makina amakono amakhala ndi chivundikiro chapulasitiki chooneka m'kati, chonga beseni lozondotsa, chimene amachiika pamutu pa munthu wogona chagada. Mpweya wabwino umalowa mbali imodzi, wotuluka umakokedwa ndi paipi kupita ku makina, ndipo kompyuta imawerengera.

Kuti muyeso ukhale woona, pali malamulo. Woyezedwa amafika m'mawa asanadye kanthu chigonere usiku, asanasute fodya, asanamwe tiyi kapena khofi. Amagona chete kwa mphindi 20 kapena 30 m'chipinda chosazizira ndi chosatentha, kenaka makina amayeza kwa mphindi zinanso zotero, iye ali maso koma osalankhula. Mphindi zoyambirira siziwerengedwa chifukwa munthu amakhala adakali ndi mantha. Palibe singano, palibe magazi otengedwa, palibenso mankhwala opatsidwa. Mfundo imeneyi iyenera kunenedwa momveka, pakuti mphekesera za anamapopa zimene zinafala m'maboma ena a kumwera mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa ndipo zinachititsa ena kuopa chida chilichonse cha kuchipatala.

Muyesowu umaululanso mtundu wa nkhuni zimene thupi likusonkhezera. Likamawotcha zakudya zokhutitsa monga nsima, kaboni dayokisaidi wotuluka amafanana ndi okosijeni wolowa. Likamawotcha mafuta, pa malita 10 a okosijeni pamatuluka malita 7 okha. Munthu amene wakhala masiku osadya amaonetsa chiwerengero chotsikachi, ndiye kuti wayamba kudya thupi lake lomwe.

Ziwerengerozi zikasandulika ufa

Bambo wa zaka 40 wolemera makilogalamu 60, atagona chete, amatha mamililita pafupifupi 225 a okosijeni pa mphindi. Pa tsiku lonse ndi malita 324, ofanana ndi zigubu 16 za malita 20 zotungira madzi pa mjigo. Kuchulukitsa ndi 4.8 kumapereka makalori pafupifupi 1,550. Mayi wolemera makilogalamu 55 amatha pafupifupi 1,300.

Ufa wa chimanga uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Motero bambo uja, popanda kunyamula ngakhale chikho cha madzi, amatha mphamvu zofanana ndi magalamu 430 a ufa pa tsiku, kapena makilogalamu 13 pa mwezi. Tsiku limene walima mwamphamvu amafuna kuwirikiza kawiri, kupitirira makalori 3,000. Apa pakuoneka kuti mayi wogawa nsima uja ali ndi mbali imene akulondola: wolima amafunadi zambiri kuposa wogona. Cholakwika ndi kukula kwa kusiyana kumene iye akukuganizira. Kapu imodzi ya phala lamadzimadzi, lopanda nsinjiro kapena mafuta, ili ndi makalori pafupifupi 100. Wodwala akamwa makapu atatu pa tsiku walandira 300, pamene thupi lake likutha 1,550. Zotsalazo thupi silizikongola kwa wina aliyense. Limayamba ndi mafuta ake, kenaka mnofu wa m'ntchafu ndi m'mikono, mpaka minofu yopumira ndi yotsokomolera.

Matenda amapemerera motowo

Chiwerengero cha 1,550 chija ndi cha munthu wabwinobwino. Thupi likatentha, digiri iliyonse yoonjezera pa 37 imakweza mphamvu zimene zikutha ndi magawo 10 mpaka 13 pa 100. Bambo yemweyo malungo atamugwira, kutentha kutafika madigiri 39, amatha makalori ena 300 kapena 400 pamwamba, ndipo kunjenjemera kumaonjezeranso. Zilonda zazikulu zamoto, monga zimene amapsa ana ndi odwala khunyu m'nyengo yozizira, zimakweza muyesowu kwambiri kuposa apa. Matenda ena a chithokomiro nawo amaukweza, kotero kuti kale, kusanabwere njira zoyeza magazi, madokotala ankawazindikira ndi muyeso wa mpweya womwewu.

Pa za kachirombo ka HIV, bungwe la WHO mu 2003 linalangiza kuti munthu wamkulu amene ali nako koma sakudwala aonjezere mphamvu za m'chakudya ndi magawo 10 pa 100, amene akudwala aonjezere magawo 20 mpaka 30, ndipo mwana amene akuwonda aonjezeredwe theka kapena kuwirikiza kumene. Malangizowa anatuluka mankhwala a ma ARV asanafike m'zipatala zambiri. Masiku ano amene akumwa mankhwala mokhulupirika thupi lake limabwerera, koma wodwala amene wangoyamba kumene kapena amene wagwidwa ndi matenda ena amafunabe choonjezera chija.

Pali kafukufuku wina amene ayenera kudziwika kwa aliyense wosamalira wodwala. Mu 1995, Derek Macallan ndi anzake a ku London anafalitsa zimene anapeza atayeza amuna amene anali ndi HIV. Anaona kuti pa nthawi imene odwalawo ankawonda mofulumira, mphamvu zonse za tsiku zinali zitatsika chifukwa sankayendayenda, koma chakudya chimene ankadya chinatsika kwambiri kuposa pamenepo. Chinawaondetsa kwenikweni chinali kuchepa kwa zolowa m'kamwa. Nkhani imeneyi ndi yolimbikitsa, pakuti kutentha kwa thupi kumafuna mankhwala a kuchipatala, koma mbale ya wodwala ili m'manja mwa a pabanja.

Chifuwa chachikulu ndicho chimaonetsa ngoziyi poyera. Kafukufuku amene anachitika ku Thyolo ndi kufalitsidwa mu 2002 anapeza kuti odwala oposa theka anali opelewera thupi pamene ankayamba mankhwala, ndipo amene anali owonda kwambiri ndiwo ankamwalira mochuluka m'masabata anayi oyambirira. Ku Jharkhand m'dziko la India, kafukufuku wina amene anatuluka mu 2023 anaonetsa kuti odwala amene ananenepako m'miyezi iwiri yoyamba ankapulumuka mochuluka, ndiponso kuti achibale a m'nyumba amene anapatsidwa chakudya choonjezera sankadwala chifuwachi kwambiri ngati anzawo. Mankhwala amapha tizirombo, koma mnofu umabwezedwa ndi chakudya.

Amayi ndi ana

Lipoti la mabungwe a FAO, WHO ndi UNU la mu 2004 likuti mayi woyembekezera amafuna makalori oonjezera pafupifupi 285 pa tsiku m'miyezi itatu yapakati, ndi 475 m'miyezi itatu yotsiriza. Woyamwitsa amafuna pafupifupi 500, ndipo ngati ndi woonda amafuna ochulukirapo. Nzomvetsa chisoni kuti mayi yemweyu ndiye amadya pomalizira, atagawira onse.

Matupi a amayi a ku Africa adabwitsapo akatswiri. Ku Keneba m'dziko la Gambia, m'zaka za m'ma 1980, ofufuza anapeza kuti mwa amayi oyembekezera osowa chakudya, moto wa m'kati umatsika m'miyezi yoyambirira, thupi likuyesa kusungira mwana. Ku Kenya, kafukufuku wa mu 1986 anaonetsa kuti amayi achiluo ndi achikikuyu ankasenza katundu wofika gawo limodzi pa magawo 5 a kulemera kwawo popanda kutha okosijeni woonjezera. Amayi amene amatsika ndi mitolo ya nkhuni m'phiri la Zomba angamve kunyada pomva izi. Koma kupirira kuli ndi malire. Katundu akaposa pamenepo mphamvu zimayamba kutha, ndipo ku Gambia komweko ana obadwa m'miyezi ya njala ankabadwa ochepa thupi, vuto limene linachepa amayiwo atapatsidwa chakudya choonjezera.

Mwana wa chaka chimodzi, poyerekeza ndi kulemera kwake, amatha mphamvu kuwirikiza kawiri kuposa munthu wamkulu, pamene mimba yake imadzaza ndi kapu imodzi. Ndicho chifukwa chake phala la mwana liyenera kukhala lolimbirako, losayenderera pa supuni, ndipo liperekedwe kangapo pa tsiku pamodzi ndi bere.

Njala ikapitirira

Thupi likasowa chakudya kwa nthawi yaitali limachepetsa moto wake. Mu 1944 ndi 1945, ku Minnesota m'dziko la America, Ancel Keys anayeza anyamata 36 odzipereka amene anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Anataya gawo limodzi pa magawo 4 a kulemera kwawo, ndipo mphamvu zimene ankatha ali chigonere zinatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Ankamva kuzizira nthawi zonse, mtima unkagunda pang'onopang'ono, ndipo sankafuna kuchita kanthu. Munthu wotere anthu amamutcha waulesi, pamene ndi thupi lake limene likusunga nkhuni zotsiriza.

Mfundoyi ili ndi chenjezo lake. Mwana wonyentchera kwambiri, kapena wotupa mapazi ndi nkhope, amene sakufunanso kudya, sayenera kukakamizidwa chakudya chambiri kunyumba. Mtima ndi chiwindi chake zafooka, ndipo chakudya chadzidzidzi chingamuphe. Moto wotsala pang'ono kuzima sauunjikira zipika. Kuchipatala amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, wokhala ndi makalori 75 pa mamililita 100, pang'onopang'ono usana ndi usiku. Mwana akatsitsimuka amamupatsa F-100 kapena chiponde, chimene paketi yake imodzi ili ndi makalori 500. Chiponde cha kuchipatala ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake.

Zimene zingatheke pakhomo

Makina oyezera mpweya ndi odula, ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'malo a kafukufuku, makamaka poyeza odwala kayakaya amene akupuma ndi makina. Zipatala za m'midzi zimagwiritsa ntchito zimene makinawo anaphunzitsa, ndipo zida zake ndi sikelo, thabwa loyezera msinkhu ndi kalamba koyezera mkono. Sikelo ikatsika mwezi ndi mwezi, ndiye kuti zotuluka zaposa zolowa.

Vuto la wodwala n'lakuti chilakolako cha chakudya chimathawa pa nthawi yomwe thupi likufuna zambiri. Nsima yaikulu imamutopetsa pongoiona. Chofunika tsono ndi kuika mphamvu zambiri m'chakudya chochepa. Mtedza uli ndi makalori oposa 550 pa magalamu 100, kotero manja awiri a mtedza kapena nsinjiro zake amabweza zimene malungo a tsiku limodzi atha. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, kuposa kapu yonse ya phala lamadzimadzi. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kamafuta ndi kashuga lingapereke mphamvu kuwirikiza katatu m'kapu yomweyo. Futali wa mbatata, mapeyala amene amachuluka ku Zomba, nthochi zakupsa, thobwa, dzira, nandolo wophwanya, usipa kapena matemba osinja ndi kuthira m'phala, ndi ufa wa Likuni Phala pamene ulipo, zonsezi wodwala amazilandira mosavuta kuposa nsima yozizira. Masamba ndi zipatso sizipereka mphamvu zambiri, koma zisasowe, pakuti magulu onse 6 a zakudya ali ndi ntchito yake.

Wodwala apatsidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, m'mbale yakeyake kuti zimene wadya zioneke, atakhala tsonga, ndipo wina akhale naye pafupi. Nthawi yabwino ndi pamene thupi lazizirako, kawirikawiri m'mawa. Ngati ali ndi zilonda m'kamwa, akusanza chilichonse kapena akutsegula m'mimba, azipita naye kuchipatala osadikira tsiku la sikelo. Matenda akatha, chakudya choonjezera chipitirire kwa masabata osachepera awiri, pakuti kumanga mnofu watsopano kumafunanso mphamvu zake.

Wodwala chifuwa chachikulu kapena womwa ma ARV akapita kukatenga mankhwala, apemphe kukwera sikelo ndipo chiwerengerocho chilembedwe m'buku lake la kuchipatala, kuti mwezi wotsatira pakhale poyerekezera. Munthu wamkulu amene wataya makilogalamu 3 pa 60 m'miyezi yochepa popanda chifukwa chodziwika, makamaka ngati akutsokomola, akutentha thupi kapena akutuluka thukuta usiku, ayenera kuyezedwa makhololo, HIV ndi shuga. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angathe kumuuza tsiku ndi malo oyenera kupita.